Zimene mtsuko wa amayi udandiphunzitsa pa kalongedzedwe ka katundu posamuka

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2016 tidasamuka ku Mtakataka kupita ku Dedza boma, ndipo mpaka lero ndimakumbukira phokoso limene lidamveka kumbuyo kwa lole titayamba kukwera msewu wa Khwekhwerere. Silidali phokoso lalikulu ayi. Lidangomveka kamodzi, ngati munthu waponda chikho chouma, koma mtima wanga udadziwiratu chimene chasweka. Aliyense amene adayendapo pamsewu umenewu, wochoka pa Golomoti kukwera phiri mpaka kukakumana ndi msewu wa M1 pa Masasa, akudziwa kuti galimoto imakhotera uku ndi uku mosapuma, ndipo kuchoka kuchigwa cha kunyanja kukafika kumtunda kwa Dedza munthu amakwera mamita pafupifupi 1,000. Pokhota paliponse katundu yense amatsamira mbali imodzi, kenako n'kubwerera mbali inayo, ndipo chilichonse chimene chili ndi malo oti chisunthire chimasuntha.

Chimene chidasweka chidali mtsuko umene amayi adandipatsa tsiku la chinkhoswe changa, woumbidwa ndi manja a agogo anga. M'nyengo yotentha ya ku Mtakataka, mtsuko umenewu ndiwo unkatipatsa madzi ozizira. Pofuna kuuteteza ndidauika m'ndowa yaikulu yachitsulo, ndikuganiza kuti chitsulocho chiutchinga ku mipando ndi matebulo, ndipo pamwamba ndidangoyalapo chitenje chimodzi. Titafika ku Dedza ndidapeza mapale okhaokha. Kwa masiku angapo ndidakhala ndikudandaula za dalaivala, kuti ankathamanga komanso kuti ankaponda mabuleki modzidzimutsa. Amayi atabwera kudzaona nyumba yatsopanoyo, ndidawaonetsa mapalewo ali m'ndowa momwemo. Adayang'ana ndowayo nthawi yaitali, adaiyeza ndi dzanja m'kati mwake, kenako adati: "Mwana wanga, madzi akatayika saoleka. Koma usamunenere zoipa mwana wa eni ake. Mtsukowu sudaswedwe ndi msewu, udaswedwa ndi mpata umene iwe udasiya m'ndowamu. Chogwedera ndicho chimasweka."

Mawu amenewa adandipweteka tsiku limenelo, koma ndiwo ndidayendera pamene tinkasamukanso mu Ogasiti 2024, ulendo uno kuchoka ku Dedza kupita ku Ntcheu boma, mtunda wa makilomita opitirira pang'ono 70. Ndikulemba zimenezi chifukwa aphunzitsi anzanga, anamwino, apolisi ndi alangizi a zaulimi amasamutsidwa chaka ndi chaka, ndipo nthawi zambiri ndimaona malole akudutsa pa M1 katundu ataunjikidwa ngati zinyalala za m'munda. Kale munthu ankati mbale ikasweka agula ina. Kuchokera pamene kwacha idachepa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, galasi limodzi la kabati kapena firiji yoonongeka ingathe kudya malipiro a mwezi wathunthu kapenanso kupitirira, ndipo pali zinthu zina, monga mtsuko wa agogo uja, zimene ndalama sizingabweze.

Tidayamba kulongedza kutatsala milungu itatu. Mlungu woyamba sitidamange katoni ngakhale imodzi, tidangosankha zotenga ndi zosiya. Nyumba imene munthu wakhalamo zaka 8 imasunga zinthu zambiri zimene mwini wake adaziiwala: mapoto obooka, mayunifolomu amene ana adawakula, nsapato zopanda zinzake, mabotolo ndi zigubu zosawerengeka. Zimene zidali zabwino tidagawira abale ndi oyandikana nawo, zina tidagulitsa, ndipo zotsalazo tidataya. Chinthu chilichonse chimene chakwera lole chimadya malo a chinzake, ndipo lole ikadzaza mopitirira ndi pamene anthu amayamba kupanikiza zinthu ndi mawondo.

Makatoni tidawapempha ndi kuwagula m'magolosale a pamsika wa Dedza. Makatoni a sopo ndi a mafuta ophikira ndi olimba chifukwa adapangidwira kunyamula zolemera, koma a sopo amasiya fungo, choncho sitidaikemo chakudya. Katoni iliyonse ndidaitambasula padzuwa tsiku lathunthu ndi kuigwedeza, chifukwa mphemvu zimabisa mazira ake m'mapindiro, ndipo munthu angathe kuzinyamula yekha kupita nazo kunyumba yatsopano. Katoni imene idanyowapo, ngakhale itauma n'kumaoneka bwino, mphamvu zake zidatha kale. Pansi pa katoni iliyonse tidamata selotepi yaikulu mizere itatu, umodzi potsata msoko ndipo iwiri mopingasa, kenako pomaliza tidamanga ndi chingwe mbali zonse kuti wonyamula akhale ndi pogwira. Lamulo limene bambo a kunyumba adaumirirapo, ndipo adalondola, ndi lakuti zolemera zilowe m'makatoni aang'ono ndipo zopepuka m'makatoni aakulu. Ine ndili ndi mabuku ambiri a kusukulu, ndipo mu 2016 ndidawathira onse m'katoni imodzi yaikulu imene idabooka pansi anyamata awiri atangoinyamula. Ulendo uno mabukuwo adalowa m'makatoni asanu ndi awiri, iliyonse yoti munthu mmodzi ayinyamule osapindika msana.

Pa zosweka ndi pamene ndidataya nthawi yambiri, ndipo mphunzitsi wanga wachiwiri, kupatula amayi, adali amayi ena ogulitsa tomato pamsika wa Lizulu. Tsiku lina ndikuchokera kokaona nyumba ku Ntcheu ndidatsika pa Lizulu kuti ndigule kachewere ndi kabichi, ndipo ndidaima kuyang'ana mmene ankalongedzera dengu loti likwere galimoto. Pansi adayala udzu wofewa. Tomato wolimba, wongoyamba kumene kupsa, adamuika pansi, ndipo wakupsa adabwera pamwamba. Sankathira ayi, ankaika mmodzimmodzi, aliyense m'kampata kamene kasiyidwa ndi anzake, mpaka dengu lidadzaza n'kupanga phiri. Atavundikira ndi thumba n'kumanga, adaligwedeza ndi manja awiri khutu ali nalo pafupi. Ndidawafunsa chimene ankamvetsera. Adandiyankha kuti: "Mayi, dengu likamalankhula ndiye kuti silinathe. Lokhoza limakhala chete." Kuyambira tsiku limenelo katoni iliyonse ya zosweka ndinkaigwedeza ndisanaitseke, ndipo ndikamva kanthu kakugunda ndinkaitsegulanso n'kuwonjezera zotsendera.

Mbale zadothi ndi zagalasi anthu ambiri amazisanjikiza chogoneka monga zimakhalira m'kabati, koma paulendo kuteroko n'kulakwitsa. Galimoto ikagwera m'dzenje, kulemera kwa mbale zonse zapamwamba kumagwera pakati pa mbale yapansi, pamene ndi pofooka. Mbale imalimba m'mbali mwake, choncho iyenera kuima choimirira, iliyonse itakulungidwa payokha m'nyuzipepala ziwiri kapena zitatu, zonse zitayang'ana mbali imodzi ndi kuthinana bwino. Pansi pa katoni ndidayala thaulo lopindidwa, m'makona ndidatsendera mapepala ofinyidwa, ndipo pamwamba ndidaikanso nsalu mpaka chivundikiro cha katoni chidatsekeka mokakamiza pang'ono. Katoni yosadzaza imaphwanyika ina ikaikidwa pamwamba pake, ndipo yodzaza mopitirira imatumbika n'kulephera kusanjika. Tili ndi makapu asanu ndi limodzi a ku Dedza Pottery amene tidapatsidwa paukwati. Kapu iliyonse ndidayamba ndaidzaza pepala m'kati, kenako ndidakulunga chogwirira chake pachokha chifukwa ndi pamene imathyokera, ndipo pomaliza ndidaikulunga yonse. Matambula agalasi ndidawaveka masokosi a ana, lililonse sokosi yakeyake, n'kuwaimika chozondoka. Inki ya nyuzipepala imadetsa mbale, koma imachoka ndi sopo, ndipo kutsuka mbale n'kwapafupi kusiyana ndi kugula zina.

Amayi asanamwalire mu 2021 adandisiyira nkhali yawo ndi mtsuko wina wocheperapo, ndipo izi ndizo ndinkaziopera koposa zonse. Ku Dedza kuli akalipentala ndi ocheka matabwa ambiri chifukwa cha mitengo ya paini ya m'mapiri, choncho utuchi ndi zopala za matabwa sizisowa. Ndidapempha thumba limodzi kwa akalipentala a pafupi ndi kwathu n'kuliyanika kuti liume bwino. Mtsuko ndidaudzaza nsanza m'kati, ndidaukulunga ndi bulangete la mwana, ndipo ndidauika m'dengu lalikulu la nsungwi limene pansi pake padali utuchi wokwana chikhatho chimodzi kuzama kwake. M'mbali monse ndidatsendera zopala zija ndi dzanja mpaka mtsukowo sunkasuntha ngakhale ndiukankhe. Dengu la nsungwi limaposa ndowa yachitsulo chifukwa limapindika pang'ono likagundidwa, ndipo mphamvu ya kugundako imathera mu nsungwizo. Chitsulo chimangoipereka yonse kwa chimene chili m'kati. Nkhali nayo idalowa m'dengu lakelake. Miphika iwiri yadothi siyenera kulowetsedwa umodzi m'kati mwa unzake popanda chofewa pakati, chifukwa dothi lootcha likamakhulana ndi linzake limadyana mpaka kubenthuka milomo.

Kabati yathu ya pabalaza ili ndi zitseko ziwiri zagalasi ndi mashelefu atatu agalasi. Mashelefuwo tidawachotsa, tidaika chidutswa cha katoni pakati pa lililonse ndi linzake, tidawamanga pamodzi n'kuwakulunga ndi bulangete. Zitseko tidazimasula ndi sikuludilaiva, ndipo masikuluwo tidawaika m'kapepala ka pulasitiki n'kukamata m'kati mwa dirowa ya kabati yomweyo. Tidachita chimodzimodzi ndi mabawuti a mabedi, chifukwa palibe chokhumudwitsa ngati kufika usiku ndi bedi lonse koma lopanda bawuti imodzi. Galasi ndi kalilole siziyenera kugonekedwa. Galasi logona limavinira pakati galimoto ikamadumpha, ndipo ndi pomwe mng'alu umayambira. Tidaziimika choimirira pakati pa matiresi awiri, motsata kutalika kwa lole, kuti dalaivala akaponda mabuleki mphamvuyo igwere m'mphepete mwa galasi osati pankhope pake. Wailesi ya kanema ya masiku ano, yopyapyala ija, imafuna chisamaliro chomwecho. Katoni yake tidaisunga chigulireni, ndipo ndikulangiza aliyense wogwira ntchito yosamutsidwasamutsidwa kuti asamataye makatoni a zinthu zamagetsi ngakhale amadya malo pamwamba pa wadiropu.

Makina anga osokera ndidawachotsa mutu pathebulo lake, ndidachotsa singano ndi lamba, ndipo mutuwo udalowa m'katoni yakeyake utazingidwa ndi zitenje. Mutu wa makina ndi wolemera kwambiri, ndipo ukasiyidwa pathebulo umathyola mahinji amene amaugwira. Firiji tidaizimitsa dzulo lake kuti madzi oundana asungunuke, tidaipukuta, tidachotsa mashelefu n'kumanga chitseko ndi nsalu yaitali. Anyamata onyamula adafuna kuigoneka kuti isawavute pomanga, koma bambo a kunyumba adakana. M'kompuresa ya firiji muli mafuta, ndipo ikagona mafutawo amayenderera n'kulowa m'timapaipi timene mumayenda mpweya woziziritsa. Firiji iyenera kuyenda choimirira, ndipo ikafika isayatsidwe nthawi yomweyo, ikhale kaye maola angapo kuti mafutawo abwerere m'malo mwake. Yathu tidaiyatsa m'mawa mwake. Batire la sola nalo liyenera kuima chilili, mawaya atachotsedwa, ndipo pamitu yake pasakhudze chitsulo chilichonse. Asidi wa m'batire akadontha amadya nsalu ndi matiresi. Silinda ya gasi tidaitseka, tidachotsa paipi, tidaiimika pakona ya kumbuyo pamene mphepo imapita, kutali ndi batire, n'kuimanga kuti isagubuduke.

Chimanga tidali nacho matumba 14 a makilogalamu 50. Tidachipetanso, tidachithira mankhwala a anankafumbwe n'kusintha matumba amene adali atayamba kutha, chifukwa thumba lofooka limang'ambika likakokedwa pachitsulo cha lole. Chimene anthu amaiwala ndi fungo. Ufa, mpunga, shuga ndi nyemba zikayenda pafupi ndi parafini, sopo, feteleza kapena mankhwala a m'munda zimatenga fungolo ndipo silichoka, komanso mankhwalawo akatayikira ndi poizoni. Zakudya zidakhala kutsogolo, zamankhwala kumbuyo kwenikweni m'ndowa yotseka. Zigubu za mafuta ophikira ndidazitsegula, ndidayala kapulasitiki pakamwa pake n'kutsekanso mothina. Matiresi, mphasa ndi matabwa a mabedi tidaziyanika padzuwa masiku awiri ndi kuyang'anitsitsa m'misoko ndi m'ming'alu ngati muli nsikidzi. Zovala sizivuta: zidalowa m'masutikesi ndi m'zikwama zazikulu zamizeremizere zija, ndipo zambiri zidagwira ntchito yokulungira zinthu zina.

Mapepala ofunika sadakwere kumbuyo kwa lole. Masatifiketi a MSCE ndi a uphunzitsi, ziphaso za unzika, mabuku a kuchipatala a ana, kalata yosamutsira ntchito, makalata osamutsira ana sukulu, mapepala a malo athu akumudzi ndi zithunzi zakale za makolo, zonsezi ndidaziika m'fayilo ya pulasitiki n'kuzilowetsa m'chikwama chimene chidakhala pamiyendo panga ulendo wonse. M'menemo mudalinso ndalama, mafoni, matchaja, makiyi ndi mankhwala a apongozi anga, amene amamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Mankhwala oterewa akalowa m'katoni yosadziwika, munthu angathe kudumphitsa masiku awiri akufunafuna. Tisanapereke makiyi kwa eni nyumba tidajambula ndi foni mita ya madzi ndi ya magetsi, tidalipira bilu yomaliza ya madzi, ndipo tidayendera nawo limodzi chipinda chilichonse kuti pasadzakhale mawu pambuyo.

Katoni iliyonse idalembedwa nambala ndi chipinda chimene ikupita, ndipo tidalemba m'mbali osati pamwamba pokha, popeza makatoni akasanjikizidwa pamwamba sipaoneka. Mwana wathu wamkulu, amene panthawiyo adali mu Fomu 2, adapatsidwa kope kuti alembe nambala iliyonse ndi zimene zili m'katimo. Pakatoni penipenipo sitidalembe zinthu zokopa maso, chifukwa tsiku losamuka pakhomo pamadzaza anthu, odziwika ndi osadziwika, ndipo onse amaoneka ngati akuthandiza. Makatoni adakwana 31.

Za lole ndinene mwachidule zimene tidagwirizana tisanapereke ndalama iliyonse. Bambo a kunyumba adapita kukaiona ndi maso, adayang'ana matayala, pansi pake ngati pali mabowo kapena mafuta otayika, ndiponso ngati ili ndi chilona chosabooka ndi zingwe zokwanira. Lole imene dzulo lake idanyamula feteleza, makala kapena ng'ombe iyenera kusesedwa ndi kuyalidwa makatoni kapena mphasa zakale. Mtengo tidagwirizana wa ulendo wonse, kuphatikizapo mafuta ndi anyamata opakira, ndipo theka tidapereka ponyamuka, theka titatsitsa katundu. Pamsewu wa M1 pali zipata zolipitsa ziwiri m'maboma athu ano, cha Kalinyeke ku Dedza ndi cha Chingeni ku Ntcheu, ndipo amene ulendo wake ukudutsa pamenepo ayenera kumvana ndi mwini galimoto kuti alipire ndani, kuti mkangano usadzabuke panjira. Makala tidawasiya. Malamulo a zankhalango salola kunyamula makala opanda chilolezo, ndipo matumba awiri a makala angathe kuimitsa katundu wa banja lonse pamalo ochitira chipikisheni. Ziweto monga mbuzi ndi nkhumba zimafuna kalata ya alangizi a ziweto, makamaka chifukwa cha matenda monga chigodola. Ife tidali ndi nkhuku zisanu ndi imodzi zokha, zimene zidayenda m'chitete chotakasuka, pamthunzi, osati zomangidwa miyendo n'kuponyedwa pamwamba pa katundu.

Kupakira ndi kumene kumasonyeza ngati ntchito ya milungu itatu ipindule kapena ipite pachabe, ndipo apa mwini katundu sayenera kuchoka. Anyamata opakira amafuna kumaliza msanga, ndipo sindiwadzudzula, chifukwa malipiro awo ndi a ulendo osati a maola. Koma katunduyo amamudziwa ndi mwini wake. Matumba a chimanga adayamba kulowa, atayalidwa pansi kutsogolo, kufupi ndi kumene amakhala dalaivala, mbali zonse ziwiri mofanana kuti lole isapendekeke. Kenako padabwera firiji, wadiropu ndi kabati, zitatsamira khoma la kutsogolo, chilichonse chitamangidwa pachokha kuzitsulo za lole. Chingwe chimodzi chozinga katundu yense sichikwanira, chifukwa chikamasuka pamodzi ndiye kuti zonse zamasuka. Pamene chingwe chinkadutsa pakona ya thabwa tidaikapo chidutswa cha katoni kuti chisadye polishi. Matebulo adagona chagada pamwamba pa matiresi, miyendo m'mwamba, ndipo pakati pa miyendoyo tidaikapo zikwama za zovala. Makatoni a mabuku adakhala pansi, a mbale pamwamba pawo. Kumbuyo kwenikweni kwa lole, kupitirira matayala, ndi kumene kumadumpha kwambiri, choncho kumeneko kudapita makasu, mtondo ndi munsi, mbaula, mabeseni ndi njinga. Mpata uliwonse umene udatsala tidautseka ndi mapilo, makushoni a mipando ndi mitolo ya zovala.

Titatsala pang'ono kumaliza, mnyamata mmodzi adanyamula dengu la mtsuko n'kufuna kulikweza pamwamba penipeni. Apongozi anga, amene adakhala pampando pakhonde akuyang'anira zonse, adamuitana nati: "Achimwene, limenelo lisiyeni. Limenelo likhala ndi eni ake kutsogolo." Dalaivala adadandaula kuti kutsogolo kuchepa, koma tidamupempha mwaulemu ndipo adavomera. Ana ndi apongozi adakwera minibasi pamodzi ndi mlamu wanga. Sindidalole kuti mwana aliyense akhale pamwamba pa katundu monga timaonera kawirikawiri, chifukwa munthu wokhala pamwamba pa matiresi alibe pogwira, ndipo galimoto ikakhota mwadzidzidzi palibe chomutchinga.

Chilona tidafunditsa ngakhale udali mwezi wa Ogasiti. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'miyezi yozizira chifunga ndi mvula yowaza zimabwera mosayembekezeka, makamaka m'mawa cha ku Bembeke. Ngakhale kutapanda kugwa kanthu, fumbi la m'chilimwe limalowa m'matiresi ndi m'mipando. Chilona chiyenera kupindidwira pansi kutsogolo kuti mphepo isalowe kunsi kwake n'kuchitukumula, ndipo m'mbali chimangidwe ndi malegeni, amene amatamuka n'kubwerera osamasuka. Wosamuka m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, awonjezere pulasitiki yokhuthala kunsi kwa chilona ndipo matiresi awakulunge paokha, komanso aganizire za msewu wafumbi wolowera kunyumba, chifukwa lole yolemera ikatitimira m'matope katundu amatsitsidwa pamvula. Tidanyamuka 7 koloko m'mawa kuti tikafike ndi kutsitsa dzuwa likadalipo. Ndidapempha dalaivala kuti tiime pa Masasa tione zingwe, ndipo tidapeza ziwiri zitakhwepa, chifukwa katundu akayenda makilomita oyamba amakhazikika n'kutsika pang'ono. Tidazikokanso, ndipo tidaimanso kachiwiri titadutsa mabampu a pa Lizulu.

Ku Ntcheu tidafika nthawi isanakwane 10 koloko. Mwana wathu adaima pakhomo ndi kope lake akuchonga nambala iliyonse imene ikulowa, ndipo ine ndinkauza anyamata chipinda chimene katoniyo ikupita. Dalaivala tidamupatsa ndalama zake zotsala titawerenga makatoni onse 31 ndi matumba 14. Katoni imene idakwera pomaliza ndi kutsika poyamba idali ya nambala 1, mmene mudali poto, mthiko, chipande, ufa wa masiku awiri, mchere, machesi, kandulo, sopo, makapu apulasitiki ndi masikito. Ku Ntcheu kumafunda kuposa ku Dedza, ndipo udzudzu sudikira kuti munthu amalize kumasula katundu. Madzulo a tsiku limenelo tidadya nsima ya nyemba titakhala pamakatoni a mabuku, ndipo oyandikana nawo atsopano adatibweretsera ndowa ya madzi ndi masamba a mpiru.

Zosweka tidazimasula pang'onopang'ono m'masiku atatu otsatira. Mbale imodzi yaing'ono idabenthuka m'mphepete, ndipo nditayang'ana ndidapeza kuti idali yomalizira m'katoni, imene ndidaikulunga ndi pepala limodzi chifukwa nyuzipepala zidandithera. Mwendo wa tebulo la kukhitchini udakalika pamene udakhulana ndi pedulo ya njinga. Magalasi a kabati, kalilole, makapu asanu ndi limodzi aja ndi makina osokera zidafika bwinobwino, ndipo firiji idalira titangoiyatsa. Dengu la mtsuko ndidalimasula ndekha m'mawa wa tsiku lachiwiri, ana asanadzuke. Ndidachotsa zopala za matabwa dzanja ndi dzanja, ndidavundukula bulangete, ndidatulutsa nsanza zija, kenako ndidaugogoda ndi chala monga ankachitira amayi pogula mphika pamsika, kuti ndimve ngati uli ndi mng'alu wobisika. Udalira bwino, mawu ake oyera. Ndidautsuka, ndidauika pankhata pakona ya khitchini kumene dzuwa silifika, ndipo ndidaudzaza madzi. Apongozi atadzuka adatunga ndi chikho, adamwa, nafunsa ngati m'dengu la nkhali namo ndayang'anamo kale.